Phala ndi Pala: Maliwu a Cinyanja

Ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, ana ambiri amayamba sukulu akudziwa kale Cinyanja. Amaciyankhula kunyumba, kumsika ndi kumunda. Cotsala ndi kumvetsera bwino maliwu ake, kenaka kuwalemba.

Cinyanja cili ndi malembo a liwu 5: a, e, i, o, u. Mawu amathera pa limodzi mwa malembo amenewa: nyumba, mbale, mbuzi, moto, galu.

Maliwu ena amatuluka ndi kamphepo. Mwana aike dzanja pafupi ndi pakamwa, anene kuti "pala". Pa dzanja sipamveka kanthu. Tsopano anene kuti "phala". Kamphepo kagunda dzanja! Kamphepo kameneka timakalemba ndi h. Ndi kakang'ono, koma kamasintha tanthauzo.

Pala nsomba. Phala lapsa.
Kola mbewa. Khola la mbuzi.

Mwana akaiwala h, phala la amayi lasanduka mawu ena.

Palinso ng' wa kacizindikiro pamwamba. Liwu lake limadzera m'mphuno. Ng'oma ndi yoimba pa gule. Ngoma ndi nyama ya m'thengo, ya nyanga zopota.

Mawu ena amalembedwa cimodzimodzi, koma khutu limawasiyanitsa. Mtengo wa mango uli ndi mthunzi. Mtengo wa sopo wakwera. Pa "mtengo" woyamba liwu limakwera pa te. Pa waciwiri silikwera. Agogo amadziwa zimenezi ngakhale sanapite kusukulu.

Kalembedwe kamasiyana malo ndi malo. Mu 1988 akatswiri a ziyankhulo anakumana ku Maputo kuti agwirizane za kalembedwe ka ziyankhulo za m'Moçambique. M'buku lino mwalembedwa "cimanga". Kutsidya kwa malire, ku Muloza ndi ku Mulanje m'Malawi, amalemba "chimanga". Liwu ndi lomwelo, nsima yake ndi yomweyo.

Cipwitikizi naco cili ndi njira yake. Liwu la ny la mu "nyumba" cimalilemba nh, monga mu "galinha". Mwana wodziwa kale ny savutika akakumana ndi nh.

Makolo angathandize madzulo, poyembekeza cakudya. Amayi anene mawu, mwana ayankhe ngati muli kamphepo kapena mulibe: khasu, kalulu, phiri, pepala, thumba, tambala. Kenaka mwana alembe mawuwo pansi ndi kamtengo, abambo aone ngati h ali pamalo pake.