Dzina anawaiwala, koma nsima sadya popanda iwo

Foni inalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Anali mng'ono wanga, mawu akunjenjemera: "Achemwali, bwerani. Bambo awapeza pamsika wa Namwera, opanda nsapato, sizasi ili m'manja. Anthu awazungulira, akuti amatamba."

Tsiku lomwelo ndinanyamuka ku Limbe. Pamene minibasi imawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera mapiri a Chowe, m'mutu mwanga munali za ku Neno, kumene mu Januwale 2016 anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti anatumiza mphenzi. Bambo anga anapulumuka chifukwa mzibambo wina wopita kumzikiti anawazindikira kuti ndi telala wakale uja, n'kuwagwira dzanja mpaka kunyumba.

Makolo anga akhala m'banja zaka zoposa 50. Bambo anabwera pachikamwini ali ndi mashini a Singer ndi sutikesi imodzi basi. Ndi mashini amenewo anatiphunzitsa tonse, kusoka mayunifomu ndi zovala za Idi pakhonde la sitolo.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Amayeza munthu kawiri, kuiwala pamene aika ndalama, kenako kunena kuti amayi awabera. Ife tinkangoti ndi ukalamba. Atasochera usiku uja m'pamene tinapita nawo kuchipatala. Anawayeza BP, shuga ndi magazi, poti matenda ena ochiritsika amasokonezanso mutu wa munthu wachikulire. Mapeto ake adokotala anati ndi dementia, matenda amene amawononga ubongo mwapang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala njira, nthawi ngakhale abale ake.

Ndinadabwa kumva kuti si ife tokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo ambiri ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Mankhwala ochiritsiratu palibe, koma chisamaliro chimachepetsa mavuto.

Alongo anga a ku Joni anati titumize ndalama, tipeze munthu wowasamala, amayi apume. Amayi anakana kwamtuwagalu. "Munthu ameneyu anandipirira pamene ndinagona chaka chathunthu nditadwala msana. Lero ndimupereke kwa waganyu?"

Komabe sindikubisireni, n'zowawa. Madzulo ena bambo anayang'ana amayi n'kufunsa mwaulemu: "Pepani mayi, akazi anga abwera nthawi yanji?" Amayi analowa kukhitchini n'kulira mwakachetechete. Atatuluka anangoti, "Abwera posachedwa, abambo. Sambani m'manja tidye." Anaphunzira okha kuti kukangana nawo kumangowonjezera mantha.

Chodabwitsa n'chakuti amayi akachoka, bambo nsima sakhudza. Muwanyengerere bwanji, amangoti akudikira. Amayi akakhala pamphasa, iwo n'kuyamba kutema mbamu. Dzina linathawa, koma mtima ukudziwa munthu wake. Adhana ikamveka amadzuka okha, ndipo mawu a swala sawaphonya. Tikawakhazika pamashini opanda singano, miyendo imapalasa ngati kale, nkhope n'kuwala.

Tinachita zingapo zimene zatithandiza. Tinakafotokoza kwa amfumu ndi kwa ashehe, iwo n'kulengeza kuti bambo akudwala, aliyense wowaona akuyenda okha awabweze kunyumba. Amfumu anakumbutsanso anthu kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. M'malaya awo onse tinasokerera kansalu kolembapo nambala ya foni. Pachitseko tinamangapo kabelu. Sizasi, mipeni ndi mankhwala a fodya tinazibisa. Chakudya, kusamba ndi kugona zimachitika nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse.

Amayi nawo tinawagonjetsa pa chimodzi: masiku awiri pa sabata mng'ono wanga amagona kumeneko kuti iwo agone tulo tenitenito. Wosamala wodwala akagwa, agwa onse awiri.

Mwezi watha ndikutsanzika, ndinawapeza pakhonde, amayi akuwadula zikhadabo. Bambo anandikodola n'kundinong'oneza: "Mayi awa ndi abwino mtima. Kodi ali pabanja?"

Amayi anaseka mpaka misozi. "Auzeni kuti ndinakwatiwa kalekale," anatero, "ndipo sindikuchoka."