Dambo la Monavale ndi Mbalame Zake

Kumadzulo kwa mzinda wa Harare kuli dambo lotchedwa Monavale. Mlendo akalidutsa m'chilimwe amangoona udzu wouma ndi dothi lakuda long'aluka, mwina n'kumati malowa akungokhala chabe. Koma mvula ikagwa, dambolo limadzaza nyimbo. Timba amalira pamwamba pa udzu, atchete amaluka zisa m'mabango, ndipo anamzeze, ena ochokera kutali ku Ulaya, amauluka chapansipansi kusaka tizilombo. Mitundu ya mbalame yoposa 200 yaonekapo pamalo amenewa.

Mbalame zambiri za m'dambo sizidalira mitengo, zimadalira udzu. Timba amamanga chisa chake pafupi ndi nthaka, pakati pa masamba a udzu wamoyo, ndipo amachimanga ndi ulusi wa kangaude. Amaikira mazira nthawi ya dzinja, pomwe tizilombo todyetsa ana tachuluka. Tsoka lake n'lakuti nyengo yomweyo ndiyo anthu amalowa m'dambo ndi makasu kukadzala chimanga. Khasu likadula udzu, chisa chimagwera pansi pamodzi ndi mazira. Moto wa m'chilimwe umatsiriza zotsala, ndipo zinyalala ndi zidutswa za njerwa zotayidwa usiku zimakwirira malo amene udzu ukanaphukanso.

Anthu okhala mozungulira dambolo ataona kuti ena akufuna kulisandutsa minda ndi malo omangapo nyumba, anagwirizana kuliteteza, ndipo mu 2005 anakhazikitsa bungwe la Conservation Society of Monavale, lodziwika kuti COSMO. Mothandizana ndi BirdLife Zimbabwe, anayamba ntchito zooneka zazing'ono: kuchotsa zinyalala, kuzula zomera zachilendo zopondereza udzu wa m'deralo, kuika munthu woyendera dambo tsiku ndi tsiku, ndi kulemba mbalame iliyonse yooneka. Minda yakale anaisiya kuti igonere, ndipo udzu unabwerera wokha kuchokera ku mizu ndi njere zotsala m'nthaka.

Apa pali mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya. Tinazolowera kumva kuti kusamala chilengedwe ndi kudzala mitengo. M'dambo si choncho. Mitengo ngati bulugamu imamwa madzi ochuluka n'kuumitsa nthaka, ndipo mthunzi wake umapha udzu umene timba amaufuna. Wodzala mitengo pakati pa dambo, ngakhale ali ndi mtima wabwino, akupirikitsa mbalame zomwe akuti akuziteteza.

Dambo limeneli silisunga mbalame zokha. Udzu ndi dothi lake zimagwira madzi a mvula ngati chinkhupule, kuwasefa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mu mtsinje wa Marimba, umene umathira m'nyanja ya Chivero, kumene Harare amatapa madzi akumwa. Mu 2013 Monavale analowa m'gulu la malo asanu ndi awiri a mu Zimbabwe otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971. Chaka chilichonse pa 2 February, tsiku lokumbukira madambo, ana a sukulu amasonkhana m'malo otere kuti aphunzire.

Tisaganize kuti nkhondo inatha. Ofuna kumanga nyumba amabwerabe ndi mapepala awo, ndipo nkhani zina zafika mpaka kukhoti. Za olima chimanga n'zovuta kuweruza, pakuti ambiri salima mwamwano, amalima chifukwa cha njala. Ife adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mapulazi tikudziwa kuti kadimba ka m'dambo kanapulumutsa mabanja angati. Komabe agogo athu omwewo ankasiya udzu ndi mabango m'mphepete mwa madzi, ndipo mnyamata wopezeka ndi ulimbo kapena legeni pafupi ndi chisa chokhala ndi ana ankadzudzulidwa ndi wamkulu aliyense womuona, kaya ndi mbale wake kaya ayi.