Jeke Yoyenera Ipulumutsa Ulendo

Pa msewu wocokera ku Lundazi kupita ku Chama, tayala likaphulika m'dzinja, woyendetsa wopanda zida amagona m'thengo, ngakhale atanyamula wodwala. Land Cruiser imalemera kuposa matani 2 isanasenze katundu, motero jeke ya galimoto yaing'ono siingainyamule. Oyendetsa ozolowera amasankha jeke ya mafuta ya matani 4, ndipo amatenganso thabwa locindikala loika pansi pake kuti isamire m'matope. Sipanala yamtanda, pampu ndi tayala lapadera lopopedwa bwino sazisiya kunyumba. Asanakweze galimoto, amayamba atsekera mawilo ndi miyala ndi kumasulako manati pang'ono. Wanzeru salowa kunsi kwa galimoto yotsamira pa jeke yokha, pakuti jeke ikaterereka, galimotoyo imaphwanya munthu.