Nkhondo Inatha, Koma M'makomo Ena Sinatulukemo

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome, boma la Mozambique ndi gulu la Renamo anasainirana pangano lothetsa nkhondo yapachiweniweni imene inayamba mu 1977. Mfuti zitaleka kulira, anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera kwawo. Koma ambiri mwa opulumukawo anasenza katundu wosaoneka ndi maso, bala la m'maganizo limene madokotala amalitcha PTSD.

Vutoli limagwira ena mwa anthu amene anaona kapena kukumana ndi zoopsa, monga kuphedwa kwa abale, kugwiriridwa kapena ngozi yaikulu. Munthu wotere amalota maloto oipa, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, amapewa malo ndi nkhani zom'kumbutsa zakale, ndipo nthawi zina amaona ngati zoopsazo zikuchitikanso. Zimenezi zikapitirira mwezi umodzi n'kumam'lepheretsa kugwira ntchito zake, ndiye kuti akufunika chithandizo. Mu 2019 bungwe la WHO linanena kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse a m'madera okhudzidwa ndi nkhondo amakhala ndi vuto lina la m'maganizo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti bala limeneli silithera mwa mwini wake. Bambo wosagona tulo sachedwa kupsa mtima, ndipo ena amabisala m'mowa. Mayi wosweka mtima angathe kuphika ndi kuchapa monga mwa masiku onse, koma n'kumalephera kuseka ndi khanda lake. Ana, ngakhale obadwa nkhondo itatha, amaona zonsezi ndipo kawirikawiri amaganiza kuti olakwa ndi iwo. Amaphunzira kuyenda monyang'ama m'nyumba ya makolo awo.

Mwana amene anaona yekha zoopsa salongosola ndi pakamwa. Wamng'ono amayambiranso kukodzera pamphasa, amakakamira amake, kapena amabwereza zimene anaona pamasewera ake. Wokulirapo amachita ndewu, amadzipatula, mwinanso kusiya sukulu. Akuluakulu osadziwa amati ndi mwano, nam'thira mkwapulo, ndipo bala limangonyeka.

Komabe mbiri ya Mozambique yomweyo ikusonyeza kuti munthu angathe kuchira. Mu 1988, anyamata amene anagwidwa ndi Renamo n'kukakamizidwa kumenya nkhondo anasungidwa pamalo otchedwa Lhanguene mumzinda wa Maputo, mothandizidwa ndi bungwe la Save the Children. Katswiri wa za maganizo, Neil Boothby, ndi anzake anatsatira moyo wa anyamata 39 kwa zaka 16. Anapeza kuti ngakhale zakale zinapitiriza kuwavutitsa mumtima, ambiri anakula n'kukhala amuna apabanja odalirika, osamala ana awo ndi okhala bwino ndi anansi.

Zimene zinawathandiza kwambiri zinali kuwapezera abale awo, kuwaphunzitsa ntchito zamanja, kukonzekeretsa anthu a m'midzi kuti awalandire, ndiponso miyambo ya makolo yowayeretsa. Pamwambo wotere mnyamata ankasambitsidwa abale ake akuona, kusonyeza kuti zakunkhondo zatsala kumbuyo ndipo iye ndi mwana wapamudzi ngati kale.

Phunziro limeneli likadali lofunika. Nkhondo imene inabuka m'chigawo cha Cabo Delgado mu 2017 ndi namondwe Freddy amene anasakaza Mozambique ndi kum'mwera kwa Malawi mu 2023 zinasiya mabanja ochuluka ali ndi mabala ofanana ndi amenewa. Powathandiza, ufa ndi malata n'zofunika koma sizikwanira. Mwana amafunika kubwerera kusukulu msanga, kudya ndi kugona panthawi yake, ndi kumvetseredwa popanda kum'kakamiza kuyankhula. Kholo lake nalo lifunika uphungu kuchipatala, chifukwa mwana amakhazikika mtima akaona kuti wom'lera wakhazikika. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli n'lolemera kwambiri kuti alisenze mwana.