Kudula Kanema N'chimodzimodzi Kusoka Chitenje

Telala aliyense wa ku Kafue mukamufunsa chimene chimavuta pa ntchito yake, satchula zopalasa makina. Amatchula sizasi. Chitenje ndi ndalama, ndipo mwini wake amafuna kuchiona chonse pathupi, koma diresi limatuluka pokhapokha telala akalimba mtima n'kudula, zidutswa zina n'kugwera pansi.

Mnyamata wa ku Shimabala amene wabwerako ku chilanga mulilo cha mlongo wake, foni itadzaza ndi kanema wa maola atatu, naye wanyamula nsalu chabe. Chovala sichinasokedwe. Ndipo kufananaku si kokakamiza ayi. Kale kanema anali lamba weniweni wa tizithunzi tondondozana, ankamudula ndi sizasi n'kumata ndi guluu. Ku Hollywood ntchitoyi poyamba inkagwiridwa kwambiri ndi amayi, poti ankaiona ngati kusoka. Margaret Booth, amene anadzatchuka nayo, anayambira kwa D. W. Griffith mu 1915. Lero tili ndi CapCut ndi KineMaster pa foni, DaVinci Resolve ndi Premiere Pro pa kompyuta, komabe mu Premiere Pro chida chodulira chikadali ndi chithunzi cha lezala.

Luso lonse lagona pa msoko. Msoko wabwino suoneka, ndipo wodula kanema amaubisa m'kati mwa kuyenda kwa chinthu. Tiyeni pamsewu wa Lusaka, pafupi ndi chipata cholipirapo magalimoto cha ku Shimabala chimene chinatsegulidwa mu 2017, pamene malole opita ku Chirundu amachepetsa liwiro. Pemphani mayi wogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu kuti muwajambule. Jambulani muli patali pamene akutambasula dzanja kulandira ndalama, kenaka jambulani dzanjalo pafupi. Polumikiza, dulani dzanja lili m'njira, lisanafike. Diso la woonera limathamangira dzanjalo, ndipo silizindikira kuti chithunzi chasintha. Mukadula dzanja litaima kale, kanema amadzandira ngati munthu wopunthwa pa chitsa.

Palinso nkhani ya maluwa. Telala amene wasoka mkono wa diresi maluwa atazondoka, pamene a pachifuwa ayang'ana kumwamba, amabwezeredwa chovalacho. Mukajambula lole ikuchokera kumanzere kupita kumanja, kenaka n'kuwoloka msewu kukaijambulira tsidya linalo, pa kanema idzaoneka ngati yatembenuka kubwerera ku Lusaka. Khalani mbali imodzi ya msewu mpaka chochitikacho chithe.

Nsalu imasinthanso nkhope malinga ndi imene mwailumikiza nayo. Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo: anatenga nkhope imodzi ya mwamuna, yosaseka yosalira, n'kuitsatiza ndi mbale ya chakudya, kwina ndi bokosi la maliro. Oonera anaona njala koyambako, chisoni kwachiwiriko, chonsecho nkhope ndi yomweyo. Choncho chenjerani poika nkhope ya apongozi itangotha kuoneka mphika wa ndiwo.

Chimene chimandinyansa ine ndi zokongoletsa. Wophunzira akangozindikira kuti chithunzi chikhoza kuzungulira, kuphulika kapena kusanduka nyenyezi, amazithira paliponse. Ameneyo ndi telala wobisa msoko wokhota ndi malesi. Nthawi imene amataya pamenepo akanaiika pa mawu, pakuti anthu amapirira chithunzi chakuda pang'ono koma sapirira mphepo yowomba m'foni kapena lole yomiza mawu a alangizi. Yesaninso kulowetsa mawu a chithunzi chotsatira chisanaoneke: ng'oma imveke kaye, kenaka tione oimba.

Nanga wodula kanema amaphunzira bwanji? Mwana wa telala amayamba n'kuphwasula malaya akale kuti aone mmene anadulidwira. Tengani chigawo chimodzi cha I Am Not a Witch, kanema wa Rungano Nyoni wa mu 2017 amene anapata mphotho ya BAFTA mu 2018. Zimitsani mawu, muwerenge kuti adula kangati, ndipo paliponse dzifunseni chifukwa chake anadula pomwepo osati patsogolo pang'ono. Mukatero bwererani ku kanema wanu wa mphindi zitatu, mumufupikitse akhale wa mphindi imodzi. Zidzawawa, makamaka kutaya chithunzi chimene munachivutikira padzuwa. Sungani ntchito pafupipafupi; amene anadula kanema mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, safunika kuuzidwa.

Pomaliza perekani foni kwa amayi anu, inu muyang'ane nkhope yawo osati kanemayo. Pamene atembenukire kukaona ngati madzi a nsima awira, ikani chizindikiro pa sekondi imeneyo, mukatenge sizasi.