Dzina Likatchulidwa Mwini Wake Osaoneka

Pabwalo la mfumu, munthu akaitanidwa ndi dzina lokha popanda mfunda wake, akuluakulu amayamba afunsana kuti kodi ameneyu ndi wa mbumba iti. Ndipo mlandu womwewo umabuka m'kati mwa kompyuta, pamene chilankhulo cholembera mapulogalamu chikumana ndi dzina limene wolemba sadanene kumene lichokera.

M'zilankhulo zambiri muli chimene amachitcha class, ndicho chikombole choumbira zinthu zofanana monga aumbira njerwa, ndipo chikombole chilichonse chili ndi ziwalo zake, ndizo mayina osunga zinthu pamodzi ndi ntchito zoti zichitike. Tiyerekeze chikombole chotchedwa Sitolo, chokhala ndi chiwalo chotchedwa mtengo. Chilankhulo cha C++, chimene Bjarne Stroustrup adayamba kuchikonza ku Bell Labs mu 1979, chimasunga ulemu wa pachibale: ntchito ya m'chikombolemo ikangoti mtengo, dzinalo limafunidwa m'ntchito momwemo, kenaka m'chikombole monse ngakhale litalembedwa kumunsi kwenikweni, kenakanso kwa makolo a chikombolecho, ndizo zikombole zimene icho chidatengerako ziwalo, ndipo pokhapo ndi pamene limafunidwa kunja. Likasowa konseko, pulogalamuyo siimangidwa n'komwe.

Koma Python, imene Guido van Rossum adaitulutsa mu 1991, ili ndi mwambo umene wakhumudwitsa ophunzira ambiri, pakuti dzina lobwera lokha imalifuna m'ntchitomo, m'ntchito ina yoizinga ngati ilipo, m'fayilo yonse, ndi potsiriza mwa mayina obadwa nawo monga print ndi len, koma chikombole chenichenicho imachilumpha ngati nyumba ya mlendo, n'kudandaula kuti NameError, chikhalirecho dzinalo lili pomwepo, mizere iwiri pamwamba. Wolemba ayenera kutchula mwini wake, nati self.mtengo, self kutanthauza chinthu choumbidwa m'chikombolemo, pamenepo Python imafunsa chinthu choumbidwacho, chikombole chake, ndi makolo motsata ukulu wawo, ndipo onse akakana imagogoda khomo lotsiriza lotchedwa __getattr__, ngati wolemba adalikonza, isanalengeze AttributeError.

Ine ndiyesa kuti kuuma mtima kumeneku n'kwabwino, popeza wowerenga amaona msanga chimene chili cha pakhomo ndi chimene chili chakunja. Chondidetsa nkhawa chili kwina. Python siifuna kuti ziwalo zilengezedwe kale, kungolemba self.mtengo = 500, chiwalo chabadwa. Ufulu wotere ndi wokoma, komatu walira mvula walira matope: chala chikaterereka usiku, munthu n'kulemba self.mtngo = 700, palibe chodandaula chilichonse, koma mwakachetechete pabadwa chiwalo chachiwiri chimene palibe adzachiitana, ndipo sitoloyo ipitiriza kugulitsa pa 500 kufikira tsiku lowerengera ndalama. Ofuna kutseka mpata umenewu amalemba mayina ololedwa m'kaundula wotchedwa __slots__, kotero kuti mtngo akangofika pakhomo, amabwezedwa nthawi yomweyo.