Indiana Jones, E.T. ndi Dzala la ku Alamogordo

Ambiri a ife tidaonerapo mafilimu a Indiana Jones, mkulu wa chipewa ndi chikwapu uja amene amayenda m'maiko akutali kufunafuna zinthu zamakedzana. Pano ndifuna kulongosola m'mene nkhani zoterezi zidasandukira masewero a pa wailesi ya kanema ndi pa kompyuta, ndiponso chifukwa chimene ena mwa masewerowo adakomera pamene ena adathera kudzala.

Tiyambe ndi makina ake. Atari 2600, imene idatuluka ku America mu 1977, ankailumikiza ku wailesi ya kanema, ndipo sewero lililonse linkabwera pa kaseti yakeyake. Koma makinawa adali ochepa mutu zedi. Malo osungira zimene zikuchitika m'sewero adali a mabayiti 128 okha, ndiye kuti zilembo 128. Chiganizo chimodzi chachitali, malo atha! Tsono taganizani munthu akupatsidwa filimu ya maola awiri kuti ailowetse m'kanthu kotere.

Munthu wake adali Howard Scott Warshaw. Mu 1981 Steven Spielberg adatulutsa filimu ya Raiders of the Lost Ark, m'mene Indiana akulimbirana Bokosi la Chipangano ndi asilikali a Hitler. Warshaw adagwira ntchito miyezi ingapo, ndipo mu 1982 sewero lidatuluka. Nkhope ya Harrison Ford sakadatha kuijambula; Indiana adangokhala timadontho tochepa. Chimene adatenga m'filimu ndi kufufuza: wosewera amagula zinthu pamsika wa ku Cairo, amafunafuna chipinda cha mapu, kenaka n'kukumba. Pankafunika timitengo toyendetsera tiwiri, kena koyendetsera Indiana, kena kosankhira chida choti agwire. Sewero lidali lovuta, koma lidali ndi mutu wake.

Chaka chomwecho filimu ya E.T. idatchuka kwambiri, ndipo akuluakulu a Atari adalipira ndalama zankhaninkhani kuti aloledwe kupanga sewero lake. Zokambirana zidatha kumapeto kwa Julaye, pamene makaseti ankafunika kukhala m'masitolo Khirisimasi isanafike. Warshaw yemwe uja adapatsidwa masabata asanu okha. M'seweroli E.T. amatolera zidutswa zitatu za telefoni zimene zili m'maenje. Vuto lidali lakuti amangogwera m'maenjemo ngakhale osafuna, akatuluka n'kugweranso. Ana adatopa nazo, makolo nayamba kubweza makaseti kusitolo.

Mu Seputembala 1983 Atari idakwirira makaseti ochuluka osagulidwa kudzala la mzinda wa Alamogordo ku New Mexico. Kwa zaka zambiri ena ankati imeneyi ndi nthano chabe, mpaka mu Epulo 2014 pamene anthu adakumba malowo napeza E.T. pamodzi ndi masewero ena ambiri. Ena amati E.T. ndiye adagwetsa Atari, imene idaluza ndalama zoposa madola 500 miliyoni mu 1983. Ine ndikuona kuti kumeneko ndi kumunamizira. Msika udali utadzaza kale ndi masewero opangidwa mwachangu ndi makampani ambiri, ogula n'kutaya chikhulupiriro.

Sewero limene ndimaliyamikira kwambiri ndi la pa kompyuta la Indiana Jones and the Last Crusade, limene Lucasfilm Games idatulutsa mu 1989. Nkhani yake ndi yofunafuna chikho chimene Ambuye Yesu adamwera usiku wa Lachinayi Loyera. Opanga ake adazindikira kuti woonera filimu amangokhala duu kutsatira, pamene wosewera amafuna kusankha yekha. Choncho ukakumana ndi mlonda m'nyumba ya malinga ya Brunwald, utha kumenyana naye, kumunyengerera ndi mawu, kapena kuvala yunifolomu n'kudutsa ngati mnzake. Njira iliyonse ili ndi malikisi ake.

Chodabwitsa china, m'bokosi la seweroli munkabwera kabuku kosindikizidwa, konga kaja ka bambo ake a Indiana m'filimu. Kumapeto kwa sewero zikho zimakhala zambiri, ndipo kuti udziwe chenicheni umayenera kuyerekeza zimene udaona m'njira ndi zolembedwa m'kabukumo. Ukamwera cholakwika, Indiana amakalamba n'kufera pomwepo.